Anamulira Ambokile Ali Chiimire

Ambokile Mwaisango wa ku Iponga sanali munthu woti ungamucheukire kawiri pamsewu. Anali wamfupi, wa miyendo ya matewe, khutu lakumanzere logontha. Khutulo analisiya ku migodi ya ku Zambia, kumene ankakankha ngolo za miyala pansi pa nthaka mpaka tsiku lina bomba lophwanyira thanthwe linamuphulikira pafupi. Anzake pobwerako ankabwera ndi makina osokera, ena malata, ena chifuwa chosatha. Iye anabwera ndi galamafoni yoyendera batire ndi katoni ya zimbale, basi.

Ndiye ntchito yake inakhala yomweyo. Mpunga ukangokololedwa, iye galamafoni pa kaliyala wa njinga, batire la galimoto m'chiguduli, ulendo. Lero ku Kaporo, mawa ku Songwe, kulikonse kumene kwaphikidwa mowa wa chimphumu kapena kuli ukwati. Malipiro ake anali mpunga, nthawi zina nkhuku. Anthu ankamuitana chifukwa cha nzeru imodzi. Sipika yake sankaiika patebulo ayi. Ankaivundikira pakamwa pa mtsuko wopanda kanthu n'kutseka m'mbali ndi nsanza. Ikalira choncho mawu ankatulukira pansi, kukugunda m'mimba, agalu n'kumathawira kunthochi.

Anali ndi mng'ono wake mmodzi, Manase. Bambo awo ndiwo ankaimba ng'oma ya maliro kuderalo, ndipo pabanja pawo panali kaimbidwe kawokawo. Akaimba mwakutimwakuti, aliyense mpaka kutsidya kwa Songwe ankadziwa kuti kwa Mwaisango kwafa mwamuna. Ambokile anayesa kuphunzira, zinakanika, manja ake anali ngati makasu. Manase ndiye anatola zonse akadali wamng'ono, ndipo bambo awo atamwalira iye ndiye anawaimbira. Kenako anakwatira Dora wa ku Kaporo, ng'ombe za malowolo zinapita, koma sanakhale naye ngakhale dzinja limodzi. Nayenso uyo ku Zambia. Chaka choyamba anatumiza bulangeti. Zitatero, zii.

Dora anakhala pakhomopo zaka ndi zaka, kulima yekha munda wa mwamuna wake, kukama ng'ombe, kukalamba asanabereke. Nyumba yake inali moyang'anana ndi ya Ambokile, amene mkazi wake anamuthawa kalekale chifukwa cha kuyendayenda.

Mkulu wa banja anali bambo awo aang'ono, a Yotamu, amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje, ku Tanzania. Malirewo ndi a boma, anthu ankangopinda nsalu n'kuwoloka pobisika. Chaka chimene boma linaletsa tsitsi lalitali ndi mathalauza otambalala kumapazi, a Yotamu anawoloka ndi ndodo yawo n'kudzakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Ambokile, mpunga ukatha kulowa m'nkhokwe tikwirira thunthu la nthochi. Munthu wotayika kutali timamuika choncho. Manase tamudikira mokwana."

"Tata, wabwera ndani kudzanena kuti wafa?"

"Nanga wabwera ndani kudzanena kuti ali moyo? Mwana wa eni ake akuuma ngati chikuni pakhomo pathu. Tikaika, iwe ulowa chokolo, nkhani yatha."

"Ine sindilowa m'nyumba ya munthu wamoyo."

"Ndiye undionetse moyo wakewo. Ndiugwire ndi dzanja langa."

Ambokile ankadziwa bwino zimene zimachitika thunthu likalowa m'dzenje. Munthu watha. Ngakhale atabwera mawa lake ndi sutikesi, palibe womupatsa madzi, palibe womutchula dzina, munda wapita, mkazi wapita, ana a m'mudzi azimuthawa ngati mzukwa. Kuchokera tsiku limenelo chakudya sichinkamulowa bwino, ndipo mpunga akauona ukucha m'minda ankatukwana chamumtima.

Nthawi imeneyo anyamata onse kuchokera ku Kaporo mpaka ku Songwe anali atapenga ndi bandi ina ya ku Zambia, ankati Mavu. Nyimbo zake ankati roko. Kwa munthu wamkulu linali phokoso la mbuzi yogwidwa ndi fisi, koma iwo ati ndi gitala. Chimbale choyamba cha Mavu Ambokile anachiimba mpaka mizere inayera. Ndiye kunamveka kuti chatuluka chachiwiri, ndipo woimba ng'oma ndi watsopano. Wamalonda wina wa ku Songwe anamubweretsera atachibisa m'mtolo wa zitenje, chifukwa pachikuto panali anthu a tsitsi ngati zisa za akhwangwala, ndipo achinyamata a chipani akanachiona akanachiotcha.

Ambokile anachitulutsa pamsewu pomwepo. Amuna asanu ataima pa galimoto yakufa. Wakumapeto atagwira timitengo tiwiri, magalasi akuda, ndevu mpaka pachifuwa, pansi pake atalemba dzina lachizungu. Koma phazi lakumanja linali lopotokera mkati. Mapazi a kwa Mwaisango amenewo.

Anayamba waonetsa Dora. Dora anapukuta manja pa chitenje, anachigwira, anayang'ana nthawi yaitali.

"Wanenepa," anatero, n'kubweza. Anatenga chidebe chake kupita kukhola.

Tsiku lomwelo Ambokile anawoloka. A Yotamu anachiika chikutocho kutali ndi maso, kenako pafupi.

"Uyu ndi mwamuna kapena mkazi?"

"Ndi Manase, tata. Onani phazi."

"Phazi. Ndiletse maliro chifukwa cha phazi. Munthu wabisa maso, wabisa chibwano, wasintha dzina. Phazi ngati limeneli ine ndingakupezere pamsika mawa m'mawa. Sabata ya mawa ndikubwera, uuze anthu anole makasu."

Loweruka masana Ambokile anali atalonjeza kale kukaimba chimbale chatsopanocho kwa Febby, mayi wophika chimphumu ku Kaporo. Iye anali asanachimve n'komwe, batire linali kotchajitsa. Anthu anadzaza pabwalo mpaka ena pa ngolo. Kutsogolo kunakhala Wallace, kalaliki wa kumsika wogula mpunga, kwawo ku Mulanje, munthu woti nyimbo iliyonse ya Mavu ankaidziwa mawu ake. Pambali pake panali Chakufwa, woyendetsa ngolo ya ng'ombe, wa ku Iponga komweko, chimunthu cha khosi ngati goli.

Nyimbo yoyamba inatha. Wallace anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Achimwene, mwaika chimbale cholakwika. Awa si Mavu."

"Ndi omwewo," anatero Ambokile.

"Ndiye akalamba. Gitala ija ili kuti, ija inkalira ngati macheka? Apa akungoyenda ngati ng'ombe za Chakufwa pochokera kudambo."

"Ng'ombe zanga uzisiye, bwana kalaliki. Iwe umavina ndi mapewa ngati ukupirikitsa ntchentche. Chimbale ichi n'cha anthu ovina ndi mapazi. Tamvera pansipo. Woimba ng'oma uyu amadya."

"Amadya chiyani, chinangwa? Roko ndi gitala, mphwanga. Ng'oma tili nazo kumudzi zaulere. Munthu sangachoke ku Kitwe kudzatigulitsa gule wa mapenenga."

Mphunzitsi wina, Ralph, anati iye waona kuti chimbale choyamba chinali cha thupi, ichi n'cha mutu.

"Ndiye kachivineni ndi mutu, aphunzitsi, tikuoneni," anatero mayi wina kumbuyo. "Ine choyamba chija chinandithyolera patapata. Ichi ndingagonekere nacho mwana."

Anthu anaseka. Koma pofika nyimbo yachitatu bwalo linali litagawikana. A ku ofesi ndi a ku sukulu ati Mavu afa, agulitsa gitala. A ngolo ndi a m'minda ati Mavu abadwa lero. Wina anati woimba akulira ngati wadya mbalaga, nthochi zophika zija, zopanda nyama. Wina anati amene sakumva kukoma akatsukitse makutu kuchipatala, n'kuzindikira mochedwa kuti wanena pafupi ndi Ambokile.

Ambokile anatembenuza chimbale. Nyimbo yomaliza inayamba yopanda gitala, yopanda mawu. Ng'oma yokha. Inagunda katatu, inapuma, inagubuduka, inapumanso.

Febby anagwetsa chikho cha mowa.

"Ambokile, chotsa."

Ambokile sanamve, kapena anamva koma dzanja linakana. Anali atagwada, khutu lamoyo pamtsuko, kukamwa kuli yasa. Linali dzanja la bambo ake. Ngakhale paja ankachedwa dala asanagunde kachitatu panali pomwepo.

"Yakwathu iyo," anatero Chakufwa, ataimirira. "Wallace, wamva? Yakwathu ili pa chimbale."

"Ndamva. Afika mpaka kwa sing'anga. Chotsatira adzaikamo agogo ako akutsokomola."

Chakufwa anatola chikho chija n'kumuswera Wallace pamphuno. Magazi anathira malaya oyera aja mpaka pa lamba. Ralph anati alowerere, analandira mpando kumsana. Kenako sizinadziwikenso kuti wa gitala ndani, wa ng'oma ndani. Anamenyana ndi zipika, ndi nsapato, wina ndi mthiko wotakasira mowa ukadali wotentha. Ambokile anagona chafufumimba pa galamafoni, anthu akumuponda pamsana ngati mlatho, osasuntha mpaka bwalo linatsala la nkhuku zokha.

Febby anamuthira madzi kumaso.

"Ndimve ine, mwana wa Mwaisango. Ng'oma imeneyo siimbidwa popanda mtembo. Kaya ili pachikopa, kaya ili pambale yakoyo. Kaisunge pansi pa bedi."

"Mama, mwamva dzanja? Ndi Manase."

"Ndamva. Ndiye chifukwa chake ndikuti kaisunge."

Iye anamva theka loyamba lokha. Njira yonse akukankha njinga ankaganiza chinthu chimodzi. Chithunzi a Yotamu achikana, koma dzanja sangalikane. Kuwoloka ndi galamafoni sikukanatheka, batire lolemera, madzi m'chiuno, ndipo ankafuna mudzi wonse umve, pasadzapezeke wonena kuti sanauzidwe. Za Febby anazitaya. Ankati gitala imalowa pamwamba pa ng'omayo patsogolo pake, ndiye munthu aliyense adziwa kuti n'chimbale. Apa ndiye anaphonya. Munthu wa galamafoni amakhala pafupi ndi galamafoni. Moyo wake wonse anali asanaimvepo ali kutali. Sankadziwa kuti gitala imathera pa nthochi za kuseri, koma ng'oma imayenda pansi, kudutsa minda yonse yathyathyathya ija mpaka kumtsinje.

Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, Ambokile anagubuduza mgolo wachitsulo mpaka pa chulu cha kuseri kwa nyumba yake. Mtsuko anauona kuchepa. Anavundikira sipika pamgolopo, anatseka ndi nsanza, analozetsa ku Songwe, mphepo ikuchokera kunyanja. Anyamata aja anamva, anabweranso. Chakufwa ndi gulu lake anakhala kumanja. Wallace anabwera ndi pulasitala pamphuno, ati wabwera kudzaona ngati chimbalecho chakoma pogona.

Ambokile anaika singano pa nyimbo yomaliza. Gitala ikati ilowe, iye ankanyamula singano n'kubwezera poyamba. Ankafuna a Yotamu amve dzanja lokhalokha, zodalira gitala zija anaziiwala. Anabwereza, anabwereza, dzuwa mpaka kupendeka.

"Achimwene, tiyeni timveko zina," anatero Wallace. "Kapena ndi nyimbo yokhayi imene anamaliza?"

"Khala chete, mphuno yatsalayo ungaitayenso," anatero Chakufwa.

Amayi ndiwo anayamba kutulukira. Anachokera mbali zonse, m'mizere ya mpunga wodulidwa, nsalu m'chiuno, manja kumutu. Pakhomo pa Mwaisango mwamuna anali mmodzi yekha, ndiye panalibe chofunsa.

"Ambokile iwe, watisiyira ndani. Dzulo lomweli unadutsa ndi njinga. Ambokile, mwana wa Mwaisango."

Kumbuyo kwawo amuna, ena ndi makasu okumbira, akuluakulu ndi mikondo yawo yovinira pamaliro, ena akadali ndi majekete a kutchalitchi. Anazungulira nyumba, anafika pa chulu, anamupeza womwalirayo ali chiimire, dzanja lili pa galamafoni.

Kulira kunaduka pakati. Mayi wina anakhala pansi pomwepo. Wina anaseka kamodzi n'kudzitseka pakamwa. Nkhalamba ina yopanda mano inakwera chulu pang'onopang'ono, inamugwira Ambokile tsaya kuti ione ngati n'lofunda, kenako inamuwomba khofi.

"Ndasiya mphika pamoto chifukwa cha iwe, galu."

Mwina zikanathera pa makofi ndi kutukwana. Koma panjira ya kumtsinje panatulukira a Yotamu.

Iwo atamva ng'oma kutsidya anamasula ng'ombe yamphongo yodzapha pamaliro, anatenga mwana wawo Reginald, ulendo. Ndi ng'ombe sungadzere pobisika, gombe lake n'lotsetsereka. Anadzera padooko loonekera, ndipo tsidya lino anapeza achinyamata a malaya ofiira. Ati makadi a chipani. A Yotamu ati ife ndi a kutsidya, tikupita kumaliro, simukumva ng'oma? Ati a kutsidya ndiye tikuwafunawo. Anawagwetsa m'matope a Yotamu, anawaponda pakamwa. Reginald atati awadzutse anamutema ndi chitsulo cha lamba pamutu. Ng'ombe anatenga. Anthu awiriwo anadzuka choncho n'kupitiriza ulendo, poti wopita ku maliro a mwana sabwerera panjira.

Ndiye anafika, a Yotamu milomo itatupa ngati chiwindi, mano akutsogolo palibe, Reginald diso limodzi litatsekedwa ndi magazi. Anthu anapatuka. A Yotamu anayang'ana Ambokile, anayang'ana mgolo. Ng'oma inali ikugundabe.

Reginald analanda khasu kwa munthu, anakwera chulu, anamenya ndi mpini. Ambokile anatchinga ndi mkono. Anthu a pansi anamva kuthyoka kwake ngati nzimbe.

"Chimbale, anyamata," anakuwa Chakufwa, gulu lake n'kuthamangira kuchulu.

Apo ndiye panaipa. A maliro anali ambiri, ndipo anali ndi zitsulo. Mkulu wina anabaya sipika ndi mkondo mpaka unatulukira m'mgolo, ng'oma n'kuthera pomwepo. Wina anaponya batire, asidi anamwazikira anthu m'miyendo, kukuwa kwake kosanena. Chakufwa anagwetsa amuna awiri ndi mutu, wachitatu anamusenga khutu ndi khasu, linatsala likulendewera pakachikopa. Wallace anakweza manja, ati ine chimbalechi ndimadana nacho kuyambira dzulo, funsani aliyense. Palibe anafunsa. Anamumenya pamphuno pomwe paja. Anathawa kudzera m'ziputu za mpunga, nsapato imodzi inatsala m'matope. Amayi amene ankalira aja anatola zibuma, ankagenda aliyense wovala thalauza lothina.

Ambokile anali atachotsa chimbale ndi dzanja lotsalalo n'kuchilowetsa m'malaya. Anadzipinda ngati bongololo. Anamuponda m'nthiti, kumutu, pamkono wothyoka uja. Anagubuduzika kuchoka pachulu mpaka pansi, osachisiya.

"Basi," anatero a Yotamu. Mawu ankatuluka ndi magazi. "Basi, mungaphe zoona. Kumbani apo."

Analoza pakati pa nyumba ziwiri zija. Amuna anayang'anana, kenako makasu anayamba. Aliyense ankadziwa chifukwa chake. Ng'oma yalira, amayi alira, magazi agwa. Dzenje liyenera kukumbidwa tsiku lomwelo ndipo lisagone lopanda kanthu, apo ayi lidzisankhira lokha munthu.

Ambokile anakwawa ndi chigongono mpaka pamapazi a bambo ake aang'ono.

"Tata, munamva?"

A Yotamu analavula.

"Ndinamva. Ndinati Ambokile wafa, Manase wabwera kudzaimbira mkulu wake. Ndinalira njira yonse mpaka padooko."

"Ndiye ndi dzanja la ndani?"

"Ndi la Manase. Palibe wina."

"Nenani mokweza, tata. Khutu langa ndi limodzi."

"Ndati Manase ali moyo."

Anthu ananong'onezana. Makasu anaima pang'ono, kenako anapitiriza. A Yotamu anakhala pa mtondo umene wina anawabweretsera.

"Wandionetsa. Mano anga apita, ng'ombe yanga yapita, koma wandionetsa. Thunthu sitidula. M'dzenjemo mulowe chimene chatiitana. Ponyani chigalamafonicho, ndi mbale yakeyo."

"Tengani," anatero Ambokile. Anasolola chimbale m'malaya, chili chathunthu, chonyowa ndi thukuta, anachipereka yekha. Ankaseka, magazi ali m'mano. Chakufwa, atagwira khutu lake ndi nsanza, anati ndi zachisoni, chimbale chabwino chotere.

Kunthochi kunamveka chikwanje. Kawiri, katatu, kenako chinthu cholemera kugwa.

Dora anatulukira akukoka thunthu la nthochi chafutambuyo, lalitali ngati munthu, chikwanje chili kukhwapa. Tsiku lonse palibe anamuona. Anali m'nyumba mwake, chitseko chotseka, ng'oma ikumugunda pakhoma. Analikoka mpaka m'mphepete mwa dzenje n'kuimirira kupuma.

"Mwana wanga, wamva zimene tanena?" anatero a Yotamu. "Mwamuna wako ali moyo."

"Ndamva, tata. Ndinamva inu musanawoloke. Ine ndi amene ndimadziwa manja amenewo kuposa nonse muli pano."

"Mlamu, siya," anatero Ambokile. "Abwera. Tikatumiza uthenga ku Kitwe abwera."

"Alamu, chimbale chake chinaidziwa njira ya ku Iponga. Mwini wake ndiye waiiwala? Manja ali nawo onse awiri, amphamvu, mwawamva nokha. Wanenepa. Ng'oma ya bambo ake akuvinitsa nayo anthu m'mabala. Ine muno ndimafunsa Kyala, Mulungu wathu, usiku ndi usana kuti kapena ali m'ndende, kapena mgodi unamugwera, ndimusungire munda. Lero mwandiyankha. Ndaga, zikomo."

"Ndi mng'ono wanga."

"Ndi mng'ono wanu, eya. Inu mungamudikire mpaka imvi, simutaya kanthu. Mukaika galamafoni m'dzenjemo ine mawa ndidzuka ndikadali mkazi wa chithunzi. Ndidikire chiyani, chimbale chachitatu?"

Anawerama kuti akankhe. Ambokile anadziponya, anamugwira mwendo ndi dzanja lamoyo lija. Dora anamuyang'ana, anatembenuza chikwanje, anamumenya ndi chafulati pa zala. Sanasiye. Anamenyanso, zala zinatseguka.

"Tata, muletseni. Mwanena nokha pamaso pa anthu."

A Yotamu anayang'ana amayi. Amayi onse anali ataima kumbuyo kwa Dora, zibuma zina zikadali m'manja. Nkhalamba ya khofi ija inali itamasula kale nsalu yake yakumutu, ikuyala pa thunthu. A Yotamu anagwira pakamwa pawo potupa paja n'kuyang'ana kumbali.

Thunthu linagwa m'dzenje ndi mawu onyowa. Dora anatapa dothi ndi manja awiri n'kuponya. Amayi anayambiranso kulira pamene analekezera, anangosintha dzina. Amuna anakwirira msangamsanga dzuwa lisanalowe. Galamafoni palibe anaikumbukira, inatsala pachulu chagada, ndipo chimbale wina anachiponda osaona pobwerera.

Ambokile anapita kuchipatala pa ngolo ya Chakufwa, awiriwo atagona limodzi pa udzu, wina akuyendetsa. Mkono unalumikizana mokhota, sunathenso kugwira chiwongolero cha njinga. Atatuluka anapeza Dora atameta, atasamba za maliro. Za chokolo a Yotamu anazitchula kamodzi, Ambokile anangotuluka panja, Dora nayenso anati zikomo, ndakhala mokwana pakhomo pano. Anabwerera ku Kaporo, anakwatiwa ndi telala, anabereka ana anayi. Akakumana pamsika ankapatsana moni bwinobwino.

Wallace anapempha kusamutsidwa, anapita ndi mphuno yake yokhota, akunenabe kuti choyamba ndiye chinali chimbale. Chakufwa mpaka ukalamba ankati amene sanamve chachiwiri sanamve Mavu, akunena atatembenuzira anthu mbali ya khutu lotsala.

Ambokile sanagulenso sipika. Analima mpunga ndi dzanja limodzi ndi theka, ankakonzera anthu mawailesi pakhonde. M'mudzi monse dzina la Manase linatha, ana obadwa pambuyo sanalimve. Iye yekha ankalitchula, mokweza ngati agonthi onse, pamsika, kuchigayo, kwa aliyense wochokera ku Zambia. Anthu ankangoyang'ana pansi mpaka amalize.

Mtumbira uja unali pakhomo pake penipeni, potuluka m'mawa unkayamba ndiwo kumupatsa moni. Mvula isanagwe chaka chimenecho anaumba zidina, anatseka khomolo mpaka pamwamba, n'kuboola lina kuseri, loyang'ana kukhola.